Khoma lopanda chithunzi nalonso limalankhula

Anzanga, nkhani ya matchalitchi akale ikayambika, aliyense amathamangira ku Mua. Zoonadi, ziboliboli za ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, n'zogwira mtima: Yesu ndi Mariya ali ndi nkhope zathu zomwe.

Koma kwathu kuno ku Dowa kuli Mvera, kumene Adatchi anatsegula mishoni mu 1889. Mlendo akasuzumira m'tchalitchi cha CCAP amati mulibe choona. Ayi ndithu! Mpingo umenewu unakana dala zifanizo, kuti maso asalande ntchito ya khutu. Luso lake lili m'nyimbo.

Ndiye musapiteko Lachiwiri ndi kamera. Pitani Lamulungu, mukamve amayi a Chigwirizano akuimba. Ife apamsika timadziwa: tomato wonyezimira si ndiye wokoma.