Kuweta Madzi Amchere mu Thanki ya Malita 60

Munthu akangokhazikitsa thanki yagalasi yowetamo nsomba za m'nyanja yamchere, pamadutsa mwezi wathunthu, mwina mwezi ndi theka, m'thankimo mulibe nsomba ngakhale imodzi. Pampu ikulira, hita yayaka, miyala yasanjidwa bwinobwino, koma chosambira palibe. Mlendo akafika amafunsa ngati nsomba zinafa. Pa ntchito yonseyi ine ndimasirira kwambiri mwezi umenewu, chifukwa ndi pomwe mumaona kuti munthuyu akuweta madzi. Nsomba zidzachita kupeza madziwo ataweteka kale.

Luso limayambira m'ndowa. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, choncho kathanki ka malita 60 kamadya mchere wa makilogalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono. Wakukhitchini sungathandize pano. Umenewo ndi pafupifupi 85 peresenti chabe ya mchere wa m'nyanja. Gawo lotsalalo muli magnesium, sulphate, calcium, potassium ndi zina, ndipo calcium ndi imene nkhono ndi makorali amamangira zigoba zawo. N'chifukwa chake amagula mchere wosakaniza kale kufakitale, monga wa Instant Ocean umene unayamba kugulitsidwa ku America m'ma 1960. Mchere wam'matumbawu ndi umene unatsegulira njira munthu wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kumene nyanja yamchere ili kutali, kuti naye akhale ndi kanyanja kake pabalaza.

Muoneni wodziwa ntchito akusungunula. Sathira madzi pa mchere. Amayamba wadzaza ndowa ndi madzi osefedwa ndi makina a RO, popeza a pampopi amabwera ndi klorini, phosphate, nthawi zina ndi kopa wochokera m'mapaipi, ndipo kopa ngakhale wochepa bwanji amapha nkhono ndi nkhanu. Kenako amawaza mcherewo pang'onopang'ono, kapampu kakutakasa pansi. Akautaya wonse nthawi imodzi m'madzi ochepa, calcium imaundana, madzi n'kuchita mbuu, ndipo yaundanayo siisungunukanso. Ndowa imagona usiku wonse ikutakasika. M'mawa amadontheza madontho awiri kapena atatu pakagalasi ka refractometer, n'kukalozetsa kowala, diso limodzi atatsinzina. Mkatimo muli malire a mbali yabuluu ndi yoyera, ndipo malirewo ayenera kugwera pa 1.025 kapena 1.026. Akapitirira amawonjeza madzi, akapelewera amawaza kamchere, n'kudikiranso.

Ndiye pakubwera miyala. Mu 1961 munthu wina wa ku Jakarta, dzina lake Lee Chin Eng, analemba m'magazini ya Tropical Fish Hobbyist kuti iye amaweta zamoyo za m'nyanja popanda sefa iliyonse. Ankangoika miyala yotengedwa m'nyanja ndi zamoyo zake zomwe, kampweya kotumphuka pang'ono, ndi kuwala kwa dzuwa. Pa nthawi imeneyo ambiri ankawiritsa ndi kuchapa chilichonse cholowa m'thanki mpaka kuyera mbee, choncho sanamukhulupirire msanga. Koma anali atapenya zoona. Mwala wa korali ndi wa timabowo tosawerengeka, ndipo m'timabowomo ndi mmene mumakhala mabakiteriya oyeretsa madzi. Pambuyo pake oweta a mumzinda wa Berlin anaphatikiza miyala yotere ndi magetsi owala kwambiri komanso makina ochotsa litsiro ndi thovu, ndipo njira imeneyo mpaka lero imadziwika ndi dzina la mzindawo. Masiku ano oyamba kumene ambiri amagula miyala youma kapena yochita kuumba, kuti matanthwe a m'nyanja asagumulidwe.

Kusanja miyalayo kumandisangalatsa kuonerera. Mwala umakhazikidwa pagalasi lapansi mchenga usanathiridwe, kuti kanthu kofukula kakadzakumba pansi pake mulu wonse usagwe. Pakati pa miyala ndi galasi lam'mbali pamasiyidwa mpata woti dzanja lizidutsa popukuta. Amasiyanso mapanga ndi mipita yoti madzi aziwombamo, chifukwa pamene madzi aima ndi pamene zinyalala zimaunjikana. Amene anawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi, zija zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay kuyambira m'ma 1970, amafika pano ali ndi poyambira: amadziwa kale kuti nsomba ya m'miyala imalimba mtima n'kuonekera poyera ikakhala ndi pothawira.

Zikatha izi m'pamene kudikira kumayamba. Nsomba imatulutsa amoniya, chakudya chowola nachonso chimatulutsa amoniya, ndipo m'madzi amchere amoniya ndi woopsa kwambiri kuposa m'madzi wamba ambiri, chifukwa pH yake imakhala yokwera, cha m'ma 8.1 mpaka 8.3. Pali tizilombo tosaoneka ndi maso tosandutsa amoniya kukhala nitrite, ndi tina tosandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimamupirira akakhala wochepa. Tizilomboti timaswana mochedwa. Woweta amatidyetsa ndi madontho a amoniya kapena kachidutswa ka chakudya, n'kumayeza masiku awiri kapena atatu aliwonse. M'kabotolo koyezera mtundu umasintha: amoniya akwera kenako atsika, nitrite atsatira pambuyo naye n'kutsika, nitrate ayamba kuoneka. Ziwiri zoyambazo zikafika pa ziro n'kukhazikika pomwepo, ndiye kuti thanki yapsa. Kale ena ankaponyamo nsomba yolimba kuti izunzike nawo masabata amenewa. Ndimalemekeza oweta a lero amene anaisiya nkhanza imeneyo.

Cha m'masabata omwewo mchenga woyera uja ndi miyala zimakutidwa ndi ndere zofiirira ngati dzimbiri. Apa ndi pamene woyamba kumene amataya mtima n'kufuna kukhuthula zonse. Wodziwa amangopukuta galasi lakutsogolo, popeza nderezi zimadya silicate wa mumchenga watsopano ndipo chakudyacho chikatha zimazilala zokha. Amoniya akatha amalowetsa nkhono zitatu kapena zinayi kuti zizidya nderezo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwo amachitika ndithu: munthu amakhala pampando madzulo, kuyembekeza kankhono katulutse maso kayambe kulima kanjira koyera pagalasi.

Ambiri amaganiza kuti thanki yaing'ono ndi yosavuta. Ndi yotsika mtengo, inde, koma siikhululuka. Mphika wa ndiwo ukakhalitsa pamoto madzi amaphwa, mchere n'kutsala, ndiwo n'kuwawa. Thanki nayo imatero. Ya malita 60 ikaphwa malita atatu, mchere umachoka pa magalamu 35 n'kufika pafupifupi 37 pa lita, ndipo nyengo yotentha zimenezi zimachitika m'masiku ochepa. Choncho woweta amamata kachizindikiro pagalasi, ndipo tsiku lililonse amathira madzi osefedwa opanda mchere mpaka afike pamenepo. Amchere amalowa pokhapokha posintha madzi, kamodzi pa sabata, atapopa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi ndi kapaipi, ndipo atsopanowo ayenera kufanana ndi akalewo mchere ndi kutentha komwe, cha pa madigiri 25. Ndi ntchito ya mphindi zochepa yosafuna nzeru zakuya. Imafuna munthu wosaiwala.

Dzanja losaiwala limeneli ndi limene linayambitsa ntchito yonseyi. Mu 1846 mayi Anna Thynne anatola timakorali ku Torquay, kum'mwera kwa England, natisokerera pa siponji ndi singano ndi ulusi kuti tisaphwanyike pa ulendo wopita ku London. Kumeneko, kunyumba kwawo pafupi ndi Westminster Abbey, anatisunga m'mbale zagalasi kwa zaka pafupifupi zitatu. Pampu kunalibe. Madzi ankatsitsimutsidwa powathira kuchoka m'chotengera china kupita m'china, kubwereza choncho pafupi ndi zenera lotsegula, kwa theka la ola kapena kuposerapo tsiku ndi tsiku, ndipo wochita zimenezi anali mtsikana wantchito wa m'nyumbamo. Dzina lotchuka ndi la abwana ake, koma mikono imene inapatsa makoraliwo mpweya inali yake, ndipo ndimaiganizira ndikaona kapampu kakugwedeza madzi pamwamba pa thanki. Nyumba ya nsomba ya London Zoo inadzatsegulidwa pambuyo pake, mu 1853.

Luso la mtsikana uja silinathe ntchito. Madzi amchere otentha amasunga okosijeni wochepa, ndipo magetsi akazima, pampu n'kuima, chimene chimayamba kusowa ndi mpweya. Wokhala kumene magetsi amazimazima amagula kapampu ka mabatire asanagule nsomba. Kakasowa amatenga jagi, kutunga madzi a m'thanki momwemo, kuwathira kuchokera m'mwamba, n'kumabwereza pakapita mphindi zingapo mpaka magetsi atayaka.

Nsomba zikamafika, zimafika zochepa. Mu malita 60 mumakwana tinsomba tiwiri ta clownfish, tija ta mizere yoyera pathupi lofiirira ngati lalanje, tomwe ana anatidziwira mu filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Tikaikidwa tiwiri tili tating'ono, kamene kakula kwambiri kamasanduka kakakazi, kenako n'kukhala banja. Tinsombati sitifuna anemone kuti tikhale ndi moyo, ndipo anemone ndi chamoyo chovuta chosayenera thanki yatsopano. Nsomba yabuluu ya mufilimu yomweyo, blue tang, imakula kufika masentimita 30 ndipo imafuna thanki ya malita mazanamazana. Woikonda zenizeni amaisiya kusitolo. Thumba la nsomba limayandama kaye pamadzi kuti kutentha kufanane, kenako madzi a m'thanki amalowetsedwamo pang'onopang'ono. Chakudya ndi chongotsina ndi zala ziwiri, choti chithe pa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Pali funso limodzi limene woweta wabwino sachita nalo manyazi kusitolo: nsombayi yachokera kuti? M'madera ena a ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi akhala akupopera cyanide m'matanthwe kuti nsomba zikomoke n'kugwidwa mosavuta. Mankhwalawa amapha makorali, ndipo nsomba zambiri zogwidwa motero zimadzafera m'njira kapena m'nyumba za ogula. Chonsecho clownfish inayamba kuswetsedwa m'mathanki kalekale, pamene Martin Moe ankachita zimenezi ku Florida kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero zoswetsedwazi zimapezeka m'masitolo ambiri, zozolowera kale chakudya cha m'botolo. Inu amene mukuyamba, funsani funso limeneli musanatulutse ndalama. Wogulitsa akalephera kuyankha, bwererani kunyumba chimanjamanja, thanki yanu idikire sabata ina.