Bwanji Timseka Munthu wa Tsace?

Pa msonkhano wa acinyamata umene tinali nao ku Nyimba mwezi watha, gulu lina linaonetsa sewero la mnyamata wothawa sukulu. Ocita sewerowo anali aluso ndithu, makamaka mtsikana amene anakhala ngati amai ace. Nkhani yace tonse tiidziwa: mnyamata akana malangizo a makolo, ayamba mowa, ndipo potsiriza timuona atabvala nsanza, tsace kumanja, ali kusesa pa siteshoni ya basi. Mnzace amene anakhoza mayeso atsika m'galimoto, amponyera khoko la nthoci pamapazi, namuuza kuti atole. Anthu onse anafa nalo phwete. Inenso ndinaseka, ndisaname. Koma pobwerera ku Petauke mtima wanga sunakhale pansi.

Colinga ca sewerolo n'cabwino: tilimbike sukulu. Cimene ndikana ndi cida cimene olemba anasankha. Pofuna kutionetsa munthu wotheratu, anampatsa tsace. Sanamlole kunena mau anzeru ngakhale amodzi. Iye angopunthwa, angodzikanda, kuti ife tiseke. Ndipo wotaya khoko uja acoka pabwalo ali ngwazi, palibe womdzudzula. Tsono mwana wa Giredi 7 amene anakhala kutsogolo anaphunzira ciani? Kuti kusesa ndi kwa olephera, ndipo kutaya zinyalala ndi kwa ophunzira. Tisaiwalenso kuti pakati pa oonerera panali ana a amai amene amasesa m'misika kuti apeze ya sopo ndi ya yunifomu. Iwo sanaseke kwambiri.

Olembawo sindiwada, cifukwa maganizowa tinakula nao. Kusukulu wocedwa ndi wolongolola cilango cace ndi kusesa. Kunyumba mtsikana adzuka mbandakuca kusesa pabwalo, mlongo wace ali m'bulangeti. Ngakhale kuchalichi, taonani amene agwira tsace pa Ciweru: ndi amai ndi atsikana.

Codabwitsa n'cakuti anyamata omwewa akafika pa bwalo la mpira alimbirana kukhala sweeper, ndiko kuti wosesa. Nchito yace ndi kuima kumbuyo kwa anzace ndi kucotsa mpira uli wonse umene wawapulumuka. Franz Beckenbauer anachuka pa malo omwewa, ndipo ndiye anatsogolera West Germany pamene inatenga cikho ca dziko lonse mu 1974. Wokonza zolakwa za anzace pa mpira timuombera m'manja. Wokonza zolakwa zathu pa msika timuyesa citsiru.

Sewerolo linayerekeza siteshoni ya basi, koma likadayang'anitsitsa siteshoni yeniyeni. Mabasi a pa Great East Road, ocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, amaima pa Nyimba, ndipo apaulendo amagula nthoci zochuka zija. Makoko, mapepala ndi mabotolo satsala m'basi. Wosesa akaleka masiku atatu okha, ogulitsa angakhale pakati pa nchenche, ndipo mvula ikagwa ngalande zingatsekeke.

Tsace palokha silicotsa kolera. Pafunika madzi abwino ndi zimbudzi. Komabe kumbukirani kuti nthendayi itabuka mu Lusaka mu 2017, boma linatuma asilikari kukayeretsa misika ndi misewu. Itabweranso mu 2023 ndi kupitirira mu 2024, odwala anaposa 20,000, omwalira anaposa 700, National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa kampeni ya ukhondo wa dziko mu 2007, Edgar Lungu naiutsanso mu 2018. Akuluakulu agwira tsace tsiku limodzi pamaso pa makamera. Masiku ena onse ligwidwa ndi munthu uja tinali kumseka.

Ndinakamba ndi mtsogoleri wa gululo. Ndinampempha kuti mnyamata alephere ndithu, koma cisoni cace cioneke mwina: alephere kuwerenga kalata ya mwana wace, kapena anyengedwe pogulitsa nshawa cifukwa sadziwa sikelo. Ngati afuna tsace likhalepo, wosesayo ayang'ane bwana uja m'maso, amuuze kuti atole yekha khoko lace. Anandiyankha kuti akatero anthu sadzaseka. Kapena n'zoona. Ine ndifunabe kuliona sewero limenelo.