Chichewa pa Misonkhano ya Ukachenjede ndi pa Mwambo Wokhazikitsa Mabuku

M'sukulu zathu za ukachenjede muli mwambo wakuti katswiri akatsiriza kafukufuku amaitana anthu kudzamva zimene wapeza, kapena kudzaona buku lake latsopano. Mwambowu ndi wabwino. Chodandaulitsa n'chakuti ngakhale nkhani yake ikhale ya miyambi, nthano kapena malamulo a Chichewa chenichenicho, Chichewacho chimangomveka m'pemphero lotsegulira ndi m'nthabwala za woyendetsa mwambo. Mfundo zikangoyamba kulemera, onse amathawira ku Chingerezi.

Zimenezi sizinayambe lero. Buku la malamulo a Chichewa limene Mark Hanna Watkins anatulutsa mu 1937, mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, linali la m'Chingerezi. Chimodzimodzinso buku la Sam Mchombo la mu 2004, The Syntax of Chichewa. Awa sangadzudzulidwe, pakuti ankalembera akatswiri a m'maiko onse. Koma omvera a pa msonkhano wa ku Zomba ambiri anayamwira Chichewa kubere, ndipo chinali chiyankhulo cha fuko kuyambira mu 1968.

Kutayikira kwake kukuonekera pa mawu a ukatswiri. Mawu monga dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi ndi tsinde anazika mizu chifukwa aphunzitsi amawatchula m'kalasi tsiku ndi tsiku, osati chifukwa chakuti komiti inawavomereza. Pamwamba pa sekondale njirayi imaduka. Funsani akatswiri atatu chimene chimasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa malonda, pamene kalembedwe ndi kamodzi: wina adzati kamvekedwe, wina adzati kukwera ndi kutsika kwa liwu, wachitatu adzangotchula la Chingerezi n'kupitirira. Akadakangana m'Chichewa pamaso pa omvera, liwu limodzi likadapambana kalekale. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene Centre for Language Studies inatulutsa mu 2000, unasonyeza kale kuti chiyankhulochi chimatha kudzifotokoza chokha.

Pa mwambo wa mabuku zinthu zimafika poipa. Nthawi imathera pa kulonjera akuluakulu ndi pa mlendo wolemekezeka amene amagula buku loyamba pa mtengo wokwera, anthu n'kuwomba m'manja. Za m'kati mwa bukulo palibe wozisanthula. Kukadayenera kuti pakhale katswiri wina wolipenda m'Chichewa, n'kutchula mawu atsopano amene wolemba waumba, kuti omvera awayese pakamwa pomwepo.

Ngakhale liwu loti kukhazikitsa, limene lazolowereka pa mwambowu, silikukhala bwino. Anthu amakhazikitsa bungwe, lamulo kapena mtendere. Buku limakhala litasindikizidwa kale, ndipo tsikulo limangoonetsedwa kwa anthu koyamba. Achewa ali nacho kale chithunzi choyenera: mwana wakhanda amasungidwa m'chikuta kufikira tsiku lomutulutsa kuti mudzi umuone. Kunena kuti kutulutsa buku m'chikuta, kapena mwachidule kuonetsa buku, kungamveke kwa aliyense popanda womasulira.