Ekita wosafa satigwira mtima

M'nyumba zoonetsera vidiyo pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula palibe amene amafunsa kuti Spider-Man ndi wa kampani iti. Anyamata amalipira pakhomo, womasulira m'Chichewa n'kumathira nthabwala zake pamwamba, ekita n'kumakuntha adani, basi. Komatu nthawi zambiri filimu ikazizira, gwero lake limakhala pa mapepala a umwini.

Mu 1996 kampani ya Marvel idamira m'ngongole mpaka kukadzipereka kukhoti. M'zaka zomwezo idagulitsa ufulu wojambula mafilimu a ngwazi zake: X-Men adapita kwa Fox, Spider-Man kwa Sony mu 1999. Mapangano otere kawirikawiri amati wogula akakhalitsa osajambula, ufulu ubwerere kwa mwini. Apa ndiye pamabadwira filimu yopanda nkhani, yojambulidwa chifukwa tsiku la papepala layandikira. Fantastic Four ya 1994, yomwe Roger Corman adaikonza mwaphuma ndi tindalama tochepa, sidafike n'komwe m'nyumba za kanema. Morbius ya 2022 ndi Madame Web ya 2024, momwe Sony idakama anthu a m'mbali mwa nkhani ya Spider-Man, zili ngati munda wolimidwa pongoopa kuti amfumu angaulande: mizere ilipo, mbewu mulibe.

Koma tisafulumire kunena kuti ngwazi zikabwerera kwawo zonse zimalongosoka. Disney idagula Marvel mu 2009, kenaka Fox mu 2019, ndipo mafilimu ozizira sadaleke kutuluka. Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018, yomwe idapata mphoto ya Oscar, ndi ya Sony yomweyo. Logan ya 2017 ndi ya Fox, ndipo kwa ine ndiyo yoposa zonse. M'filimuyi Wolverine wa X-Men wakalamba, mabala sakupolanso msanga, akusamalira nkhalamba yodwala, ndipo pamapeto amwalira. Woonera amakhala mtima uli m'mwamba chifukwa akudziwa kuti munthuyu angathe kutaya chilichonse.

Luso limeneli a Mang'anja a m'chigwa chino cha Chikwawa ndi Nsanje adalidziwa kalekale. Tamvani nkhani ya Mbona monga ambiri amaisimbira. Mlauli, m'bale wake wamkulu, avina kupempha mvula, mvula osagwa. Mnyamata Mbona avina, mvula igwa. Nsanje ibuka pachibale, iye athawira kumwera, adani ali pambuyo. Zida zawo sizimulowa. Wolemba waulesi akadaimira pomwepa, n'kutipatsa ekita wongopambana mpaka filimu yachisanu. Koma nkhaniyi imati Mbona yekha ndiye adaulula chimene chingamuphe, kanthu konyozeka, tsamba chabe. Adamudula mutu, magazi ake n'kuyenderera ku Ndindi, ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wake mpaka lero. Mphamvu zake zili ndi ntchito yomveka kwa aliyense amene adaonapo chimanga chikupserera ku Chikwawa, ndipo imfa yake njosankha yekha. Steve Chimombo adaona mphamvu ya nkhaniyi n'kulemba sewero la The Rainmaker. Wansembe Matthew Schoffeleers adasonkhanitsa kasimbidwe kake kosiyanasiyana m'buku la River of Blood mu 1992.

Tsiku lina wina adzafuna kujambula nkhani ya Mbona, ndipo funso la umwini lidzatipeza pakhomo. Jerry Siegel ndi Joe Shuster adagulitsa Superman mu 1938 pa madola 130 okha, n'kukalamba akulimbana ndi kampani m'makhoti. Kwathu kuno lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limaika nthano ndi zamakolo m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Pepala la boma ndi lofunika, koma silikwanira. Mbona si chidole cha m'buku la zithunzi. Alipo anthu amene amamupempha mvula, alipo osunga kachisi, alipo mafumu monga Lundu ndi Tengani amene mbiri yawo idalukana ndi yake.

Ojambula athu, musanaganize zomuveka Mbona chovala chonyezimira ndi mphezi za pakompyuta, pitani ku Nsanje mukakhale pansi ndi eni nkhani. Ndipo mukaloledwa, musamupulumutse pamapeto kuti mudzajambule gawo lachiwiri.