Ng'oma ya a Lem, Chikanamayeso wa ku Lwów

Ikwere mbalule, uyankhe mpanje, pakuti tikutchula dzina la Stanisław Lem!

Inu a Lem, mwana wa dokotala wa zapakhosi, wobadwa mu 1921 ku Lwów, mzinda umene unali wa Poland koma lero uli ku Ukraine. Inu Mpulumukankhondo! A Nazi ankasaka Ayuda khomo ndi khomo, inu mutabisala kuseri kwa ziphaso zabodza, manja ali bii ndi oilo wa magalimoto, mukuwotcherera zitsulo.

Chikanamayeso! Udokotala munauphunzira ku Kraków mpaka kumapeto, koma mayeso otsiriza munawaleka dala poopa kuvekedwa yunifolomu ya dokotala wa asilikali.

Mwini nyanja yoganiza, imvani ng'oma yanu! Mu 1961 munatipatsa Solaris, dziko lakutali lokutidwa ndi nyanja yamoyo. Asayansi anaiyeza, anaiwomba ndi cheza, anailembera mabuku odzaza nyumba, nyanjayo duu, osayankha. Chimene inachita ndi kutumizira mmodzi wa iwo, Kelvin, wokondedwa wake amene anadzipha kalekale, akuyenda, akulankhula, osadziwa kumene wachokera. Apa ndi pamene munawasiya anzanu m'mbuyo. Iwo ankalemba za alendo a kuthambo olankhula ngati ife, okwiya ngati ife. Inu munaona kuti munthu amapita kutali kukafuna nkhope yake yomwe, ndipo akakumana ndi chimene si munthu amangoti kakasi.

Kaseka wa buku la Cyberiada, tate wa Trurl ndi Klapaucjusz! Mu 1965 Trurl wanu anali atapanga kale makina olakatula ndakatulo, alakatuli enieni n'kupsa mtima. Nthawi imeneyo anthu ankati n'zoseketsa chabe. Kaya lero akusekabe?

Wosakondwa msanga! Tarkovsky anajambula filimu ya Solaris mu 1972, inu munang'ung'udza. Soderbergh anayesa mu 2002, chimodzimodzi. Munanyoza nkhani zambiri za sayansi za ku America kuti n'zachabechabe, bungwe la alembi ake n'kukulandani umembala waulemu mu 1976. Philip K. Dick, yemwe inu munkamulemekeza, analembera FBI kuti Lem si munthu mmodzi koma gulu la achikomyunizimu. Chitamando choposa chimenecho chilipo? Munthu mmodzi kumuyesa khamu!

Ulamuliro wa asilikali utafika ku Poland munachoka mu 1982, munakhala ku Vienna, n'kubwerera mu 1988. Munatsikira kulichete ku Kraków pa 27 Malichi 2006. Mabuku anu akulankhula zinenero zoposa 40, setilaiti ya Poland imene inakwera mu 2013 inatchedwa dzina lanu, ndipo nyumba ya malamulo inati 2021 ndi chaka chanu.

Amayi, nthungululu! Ndipo inu amene simunawerenge Solaris, kaifuneni, muyambe buku, filimu ibwere pambuyo.