Kodi "Kunyanja" N'kumodzi? Za Salima ndi Nkhotakota

Anthu a mumzinda wa Lilongwe tili ndi chizolowezi chomanga mtolo umodzi anthu onse okhala m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Pamsika wa ku Area 24, kaya ku Kawale ndi ku Biwi, usipa ukakwera mtengo mumva mawu omwewomwewo: kunyanja n'kotentha, anthu ake sadziwa khasu, amangodalira nsomba ndi kugona pamthunzi. Ana asukulu nawonso akauzidwa kuti alembe chimangirizo cha moyo wa kunyanja, amangobwereza zomwezo ngati nyimbo ya pamtondo. Maganizo amenewa ndi ofunika kuwaunika bwino, ndipo njira yachidule ndiyo kuika pambalimbali maboma awiri oyandikana, Salima ndi Nkhotakota, amene msewu umodzi wa M5 umawalumikiza.

Tiyambe ndi mvula, pakuti ndiyo imalamula zonse. Maboma awiriwa ngotentha ndithu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, koma samwa madzi ofanana. Nkhotakota ili pamene nyanja ndi yotakata kwambiri. Mphepo ikawoloka madzi onsewo imafika itasenza chinyezi, nikakumana ndi zitunda za kumadzulo, mvula n'kugwa yochuluka, ndipo imapitirira mpaka mu Epulo pamene ife a ku Lilongwe tayamba kale kuyang'ana zokolola. Ku Salima, makamaka mukachoka kugombe kulowera cha ku Chitala, mvula ndi yocheperapo ndipo imafulumira kusiya. Mitengo ya malambe imene imakuchingamirani mukatsika mapiri pa msewu wa M14 ndi mboni yosanama ya dziko louma.

Tsono taonani zimene mvulayo imaika m'mbale. Munthu wa ku Salima amadalira chimanga monga ife, ndipo ndalama wakhala akuipeza ku thonje, mbewu yokonda kutentha, imene njanji inkanyamula kuchokera pamene inafika m'bomalo mu 1935. Mpunga ulipo m'madambo monga ku Lifuwu, koma nsima yake ndi ya mgaiwa kapena ufa woyera. Kwa anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, chakudya chenicheni ndi kondowole, nsima ya chinangwa, ndipo mpunga ndi wa makolo, wochokera m'masiku a Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili amene anakhazikika kumeneko cha m'zaka za m'ma 1840. Mbiri ya a Jumbe ndi yowawa chifukwa cha malonda a akapolo, koma mpunga ndi Chisilamu zinatsala ndipo zinamera mizu. Kumpoto kwa bomali, ku Dwangwa, kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Apa ndi pamene mlandu wa ulesi umagwera pansi. Mlendo wa m'tauni akafika pamudzi wa ku Nkhotakota amayang'ana nkhokwe, ndipo akapanda kuiona amati eni mudzi salima. Sadziwa kuti nkhokwe ya chinangwa ndi nthaka yomwe. Chinangwa chimakhala m'munda kupitirira chaka, nichimakumbidwa pang'onopang'ono monga mmene banja likufunira. Komanso ntchito yake si yamasewera: mayi achikumbe, achisende, achiviike m'madzi masiku angapo kuti ululu wa chinangwa chowawa uchoke, achiyanike, kenaka achisinje. Masamba ake ndi chigwada, ndiwo. Nanga bambo wogona masana uja? Usipa umagwidwa usiku ndi nyali ndi khoka la chilimira. Munthu amene wapalasa bwato mpaka mbandakucha sangayembekezereke kupezeka ndi khasu dzuwa lili paliwombo. Ndipo mwera ukayamba kukuntha m'miyezi yozizira, kapena mwezi ukawala kwambiri, asodzi amakhala pagombe osati chifukwa cha mphwayi, koma chifukwa nyanja siiseweretsedwa. Mtengo wa usipa umene timadandaula nawo ku Area 24 kawirikawiri umakhala uthenga wa mphepo imeneyi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kunyoza kondowole ngati chakudya cha njala. Njala ya mu 2002 inaphunzitsa zina. Salima inali limodzi mwa maboma amene bungwe la Save the Children linayamba kuchenjezerapo za tsokalo kumapeto kwa 2001, ndipo anthu odalira chimanga chokha anavutika koposa. Madera olima chinangwa anali ndi pogwira, mwakuti ambiri amene ankachiseka anachifunafuna ndi ndalama m'manja. Komabe ndondomeko za boma zothandiza alimi ndi feteleza wotsika mtengo, zimene zinakula kuyambira mu 2005, zinaika mtima wonse pa chimanga, ngati kuti dziko lonse lili ndi mvula imodzi ndi dothi limodzi. Kulakwa kwa mwana wasukulu m'chimangirizo kumangomuchotsera malikisi, koma kulakwa komweko kukalowa m'maofesi a ku Capital Hill kumafika m'miphika ya anthu.

Sindikunena kuti ku Nkhotakota zonse zili bwino. Chinangwa chimakhutitsa koma chilibe zomanga thupi zokwanira. Chimafuna nsomba pambali pake. Nsomba zikamachepa m'nyanja ndi m'thamanda la Chia, mwana wodya kondowole ndiye woyamba kunyentchera. Mvula yambiri nayonso ili ndi mano ake. Kumapeto kwa Febuluwale mu 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira nusiya anthu zikwizikwi opanda pokhala, m'nyengo yomweyo imene maboma ambiri a dziko lino ankalira ng'amba.

Salima nayo ili ndi chophunzitsa oyandikana nawo, ndipo n'chinthu chimene zimangirizo za ana athu sizitchula. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950 mwa lamulo la mafumu, osati la boma. Pachilumbapo mowa ndi njuga n'zoletsedwa. Akazi nawonso saloledwa kupondapo, lamulo limene ena angalitsutse ndipo ali ndi ufulu wotero, koma palibe angatsutse kuti anthu amene amadziletsa kuponya khoka kwa miyezi inayi amadziwa kuganizira za mawa. Anthu otere ndi amene ife timawatcha osasamala, ife amene mtsinje wathu wa Lilongwe umatsikira kwawo utanyamula zinyalala za mumzinda. Ngakhale magetsi ena amene timayatsa m'nyumba zathu amachokera ku dzuwa lomwelo la ku Salima limene timalidandaula, kudzera pa malo opangira magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa ku Nanjoka mu 2021.