Pulani ya sukulu yopanda mpangankhani

Anzanga, sabata ino sindinabwere ndi ndakatulo kapena nthano, koma muwerenge nane ndi diso lomwe lija. Ndi pulani yotukulira sukulu, ija amati SIP, ya pasukulu ina ya Katolika pomwe mwana wanga ali Sitandade 6. Aphunzitsi aakulu anatiwerengera pamsonkhano wa makolo, pokonzekera oyendera sukulu ochokera ku unduna.

Chiyambi chake n'chokoma, sindikana. Ikunena za kulera mwana m'nzeru ndi mumzimu momwe, mpaka umamva kuti apa ndi pamishoni ndithu. Koma fikani pakati muone. Zimbudzi zidzamangidwa, mabuku adzagulidwa. Adzamanga ndani? Komiti ya sukulu, parishi, kapena ife makolo ndi njerwa zathu? Inu alembi, nkhani yopanda mpangankhani mungailandire m'gulu muno? Ine pamsika ndikakongoza munthu tomato, m'kope ndimalemba dzina, mtengo ndi tsiku lobweza. Pulaniyi ilibe zitatu zonsezi, chonsecho thandizo la SIG lochokera ku boma limabwera lowerengeka, losati n'kukwanira zonse.

Chinanso, inalembedwa m'Chingerezi, ife amangotimasulira pakamwa. Ndiye mlembi ankaganizira ndani? Oyenderawo basi. Amayi a Mother Group, omwe amadziwa chomwe chimajombetsa atsikana, anangoti zii.

Dzulo mwana wanga wandiuza kuti miyala ya m'mbali mwa njira yapakidwa kale laimu. Chimbudzi cha atsikana chilibebe chitseko.